Achemwali, maso anu azikhala pa tilu osati pa zikwangwani zofiira

Achemwali, kumashopu otchipawo pitani ndithu ndi kandalama kanuko, koma chonde mtengo omwe amata pashelefu musamaukhulupirire mpaka muwuone ndi maso anu pa kompyuta ya pa tilu. Ndangowerenga positi yanuyi yofunsa zokagula golosale kumashopu otchipa ndi ndalama zochepa, mtima wayamba kuthamanga chifukwa zomwe anandichita pa shopu ina yake mutauni muno mu Lilongwe sindidzaiwala. Dzina sinditchula, ma admin angandichotse mugulupu.

Munali mu December 2023, kwacha atangoigwetsa ndi 44% mu November muja, nonse mukukumbuka mmene zinthu zimakwerera, m'mawa mtengo wina madzulo wina. Bambo akunyumba anandipatsa K70,000 kuti ya golosale ndi imeneyi mpaka January, Khrisimasi momwemo, transipoti momwemo. Ndinakhala pansi usiku kulemba zonse pa pepala long'amba m'kope la mwana, mafuta ophikira a 5 litazi, shuga, mchere, sopo wochapira, wosambira, masamba a tiyi, majarini, soya pieces, machesi, mpunga wa pa Khrisimasi ndi Sobo mmodzi yekha. M'mawa ndinakwera minibasi ku Area 25 ndi mwana wanga wamkazi, nthawi imeneyo ali Sitandade 3, poti panalibe omusiyira.

Mushopumo ndinayenda foni ili m'manja, chilichonse ndikaponya mu trolley ndikuwonkhetsa pa calculator. Pachitseko anamata zikwangwani zofiira za pulomoshoni, mafuta aja pashelefu analemba K17,500 ndiye ndinasangalala kuti lero Mulungu wandikumbukira. Zonse pamodzi zinakwana K65,000 ndi kakanganyase pamwamba, mpaka ndinamuuza mwana kuti tenga paketi imodzi ya mabisiketi, anasankha yekha n'kuigwira pachifuwa ulendo wonse wa pamzere. Mzere wake unafika kumafiriji, matilu ambirimbiri koma ogwira ntchito atatu okha, kutentha, fani osazungulira.

Ndafika pa tilu mtsikana uja akuskana akutafuna chingamu osandiyang'ana n'komwe, kenako akuti K79,000 ndi zakuti. Ine ndinati mwina mwaskana china kawiri achemwali, tayang'ananinso. Akuti mitengo inasintha mayi, system ndi imeneyi. Ndasuzumira pa kompyutapo mafuta aja ali K23,000, mpunga wakwera, sopo wakwera, majarini wakwera. Ndinamuuza kuti tiyeni tikaone limodzi pashelefu, pepala likadali pompo, iye akuti zapashelefu si ntchito yanga, mulipira kapena muchotsa? Ndipo sananene chapansipansi ayi, anakweza mawu dala kuti mzere wonse umve. Kenako n'kukuwira supervisor kuti abwere ndi kadi yake adzafufute, supervisor sakuoneka, ine chiimire, katundu ali mbwee pa kauntala, anthu kumbuyo ayamba kung'ung'udza. Bambo wina wa trolley yodzaza mowa ndi nyama anachita kunena kuti amayi ngati ndalama mulibe tipatseni mpata ena tili ndi zochita. Thukuta linatsika mpaka m'miyendo.

Ndinayamba kuchotsa chimodzichimodzi, majarini, Sobo, paketi imodzi ya mpunga, sopo wosambira ndinasiya mmodzi, koma sizikukwanabe. Ndinamuyang'ana mwana uja, ndisanalankhule kanthu anangotambasula dzanja n'kuika mabisiketi aja pa kauntala yekha, osalira, osafunsa, anangoweramitsa mutu kumayang'ana masilipasi ake. Abale, bola akanalira ndikanamukalipira zikanatha, koma mwana wamng'ono chonchija kumvetsa yekha kuti amayi ake achititsidwa manyazi, zimene zija zinandilasa mpaka pano.

Ndiye mukuganiza zathera pomwepo. Pachitseko mlonda anatenga lisiti n'kuchonga ndi bolopeni monga amachitira, kenako akuti tsegulani handbag. Ndinafunsa chifukwa chani, akuti ndi lamulo la kampani. Lamulo lanji poti mayi wina wonyamula makiyi a galimoto anangodutsa pamaso panga chikwama chili paphewa osamufunsa kanthu? Anapisa dzanja n'kutulutsa kabotolo ka mafuta odzola komwe ndimayenda nako, akuti aka kali pati palisitipa. Ndinati bambo amenewa ndi anga akunyumba, tsegulani muone. Osamva. Anandikhuthulitsa chikwama chonse patebulo anthu akuonerera, chitenje, makiyi, buku la kuchipatala la mwana, mapadi, timakobili ta transipoti tikugubuduka pansi mwana wanga akutola. Ena atulutsa mafoni, kaya amajambula kaya chani, ndinkangopemphera kuti ndisadzione pa Facebook madzulo ake. Manijala atabwera anatsegula kabotolo kaja n'kupeza katsala theka, zala zanga zikuoneka m'katimo, chizindikiro chake chofufutika kalekale. Anangoti ok mayi pitani. Basi. Ngakhale pepani yekha, ayi ndithu.

Anthu amenewa alibe umunthu. Anandiona ndikubweza katundu pa tilu ndiye m'mutu mwawo anati wosauka ameneyu ndi wakuba basi. Chonsecho akuba ndi ndani, ine kapena amene amasiya dala mtengo wakale pashelefu ngati nyambo pa mbedza kuti ulowe, udzaze trolley, ukafike pa tilu uchite manyazi kubweza? Asamanamizire kugwa kwa kwacha, pa kompyuta anapeza nthawi yosintha tsiku lomwelo koma kapepala ka pashelefu kokha ndiye kanawalemera? Amadziwa kuti ambiri timangolipira mwamanyazi mwina kutapa ndalama ya magetsi. Ndipo mtsikana uja, mwana woti ndikhoza kumubereka, kundiyankha chonchija pagulu, ndimafunsabe kuti kwawo anamulera ndani. Ndinalira mu minibasi njira yonse ya M1 mpaka Kanengo nkhope nditaphimba ndi chitenje, ndinalumbira kuti phazi langa silidzapondamonso.

Tsono mverani achemwali. Chilichonse chomwe alemba kuti chatsika mtengo muzichijambula ndi foni, kapepala ka mtengo ndi katunduyo zionekere limodzi, ndipo muziwerenga tizilembo tating'onoto chifukwa nthawi zina kapepala ka 2 litazi kamakhala pansi pa chigubu cha 5 litazi. Pa tilu musamacheze kapena kuyankha WhatsApp, maso pa kompyuta, ndipo muziyamba kupereka zofunikira kwambiri, mafuta, shuga, mchere, sopo, zokometsera kumapeto, kuti zikavuta mungoti imani pomwepo. Mitengo ikasiyana itanitsani manijala ndipo musachoke, muwauze kuti mukadandaula ku CFTC, bungwe la Competition and Fair Trading Commission lija, nkhani zosiyanitsa mtengo wa pashelefu ndi wa pa tilu amazilandira, ngakhalenso zikwangwani zoti katundu ukagula sabweza sizololedwa. Pangani phokoso ndithu, ndalama ndi yanu. Komabe mtsikana wa pa tilu musamalimbane naye, mitengo saika ndi iye, naye amalandira zochepa ndipo ndalama ikaperewera amamudula pamalipiro, mungotaya ulemu wanu pachabe.

Za pulomoshoni zambiri zimakhala zoti masiku atsala pang'ono, makamaka yogati, majarini, ufa wa phala la ana ndi zam'zitini, ndiye tembenuzani muone deti, chitini chotupa kapena chopindika chisiyeni. A Malawi Bureau of Standards amalanda katundu wotha ntchito koma sangakhale m'shopu iliyonse tsiku lililonse. Zomanga ziwiri ndi tepi kuti special muziwerengetsa, pena kugula chimodzichimodzi kumatchipa kuposa.

Zamasamba mu supamaketi musayerekeze. Tomato, anyezi, kabichi, mbatatesi pitani ku Wakawaka kapena msika wa Lizulu m'mamawa magalimoto akamatsitsa, ife a 25 tili ndi Msungwi pafupi, kumeneko umanenerera ndipo amakuikira basela, zomwe pa tilu simudzaziona. Nyemba, usipa, bonya, mpunga wa Kilombero woyeza pa sikelo, zonsezo kumsika. Ufa wa m'mapaketi umatha ndalama, ngati mungakwanitse gulani chimanga nthawi yokolola cha mu May ndi June, muthire mankhwala musunge, muzingopita kuchigayo, mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa woyera ndipo sutaya madeya.

Mafuta, shuga, sopo ndi mchere zokha ndiye kumashopu akuluakulu komweko, palibe kuchitira mwina, pa okala mukamagula mafuta oyeza tsiku ndi tsiku mwezi ukamatha mwalipira zambiri kuposa kugula chigubu. Ine ndemwe ndimapitabe, inde ngakhale pa shopu ija ikatsitsa mafuta, ndimangolowa nkhope ili gwaa kutenga changa n'kutuluka. Shuga gwirizanani ndi anzanu a banki m'khonde kapena oyandikana nawo mugule belo ya mapaketi 20 mugawane, mukukumbuka mmene anasowera mu 2024 mpaka kumatiwerengera mapaketi pa munthu. Koma zogula zambirizi samalani nazo, chigubu cha 5 litazi mukachisiya poyera kukhitchini chimatha msanga kuposa kabotolo chifukwa aliyense amathira mosaumira, ine ndimatsanulira m'kabotolo kakang'ono chigubucho n'kutsekera kuchipinda, shuga chimodzimodzi.

Muwerengerenso transipoti, mukakwera minibasi kupita ndi kubwera, kuonjezera kabaza wonyamula katundu kuchoka pa siteji, mwina zomwe mwapulumutsazo zathera panjira, ndiye muzipita kamodzi mutalemba zonse. Pewani kumapeto kwa mwezi ndi Loweruka masana, pitani m'kati mwa sabata akangotsegula. Tengani chikwama chanu cha msika kuti asakugulitseni jumbo. Chenje akafuna kukupatsani maswiti kanani, kapena lipirani pa Airtel Money kaya Mpamba ngati amalola, koma kandalama kapamanja kazikhalapo chifukwa netiweki imathawa uli pa tilu. Handbag siyani pamalo osungira katundu mutenge kanambala, foni ndi ndalama zokha m'manja. Ndipo mwana musapite naye, musiyeni ngakhale kwa aneba, ngakhale ine wangayo masiku ano ndi amene amandigwirira calculator ndipo salakwitsa.

Tandiuzeni muli angati pakhomopo ndipo mumakhala dera liti, ngati ndi cha ku 25, 49 kapena 51 kuno tikhoza kuphatikizana pa belo ya shuga mwezi uno.