Ejenti akuti mwana asiye sukulu alowe NFL: yankho langa kwa mayi wa ku Indiana

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene akukhala kuno ku Indiana. Dzina lawo sinditchula, sukulu ya mwana wawo sinditchulanso, koma anandilola kuti ndiwayankhe poyera. Mwachidule analemba motere:

"Achimwene, mwana wanga ali chaka chachitatu ku yunivesite ndipo amasewera mpira wa kuno uja wovala zipewa. Kwabwera bambo wina, akuti ndi ejenti, akumuuza kuti asiye sukulu alowe draft ya NFL, ati akhoza kutengedwa mu raundi yachitatu kapena yachinayi. Kwangotsala chaka chimodzi kuti atenge digiri. Atsibweni ake ku Dedza akuti asayerekeze dala. Mwanayo akuti watopa kundiona ndikugwira mashifiti awiri. Ine mutu waima. Nditani?"

Achemwali, malinga ndi zimene mwandiuzazi, mwanayo asapite chaka chino. Koma chifukwa changa si cha atsibweni aja. Iwo akuganiza kuti sukulu imaposa mpira nthawi zonse, ine sindikuona choncho. Alipo ana amene ndingawauze kuti longedzani lero lomwe. Wanuyo sanafike pamenepo, ndipo mawu amene andidziwitsa zimenezi ndi akuti "akhoza".

Mpira uwu suyenda ngati wa kwathu. Kumudzi mwana wa luso akaonedwa, Bullets kapena Wanderers imangomutenga, kaya ali Fomu 3. Kuno ku America NFL, ligi yaikulu ya mpira umenewu, siikhala ndi matimu olerera ana. Njira yake ndi koleji, ndipo lamulo la ligiyi ndi lakuti munthu sangalowe draft, mwambo umene matimu amasankhira osewera atsopano, zisanathe zaka zitatu chimalizireni sekondale. Ndiye funso la kusiya sukulu limabwera pa chaka chachitatu, pamene pali mwana wanupo. Draft imachitika kumapeto kwa Epulo, matimu 32 amasankha mosinthana m'maraundi 7, ndipo onse otengedwa amangopitirira 250 pang'ono. Kalembera wa ofuna kutuluka msanga amatsekedwa pakati pa Januwale.

Chimene ejenti sathamangira kukuuzani ndi chakuti chitseko chimenechi munthu ukatuluka chimadzitseka chokha. Ku basketball mwana amatha kukasuzumira kenako nkubwerera kusukulu. Ku mpira uwu amangokupatsa masiku atatu oti usinthe maganizo, akatha amenewo basi, sudzaseweranso mpira wa koleji, kaya watengedwa kaya sunatengedwe. Mu 2014 anyamata 98 anatuluka msanga, ndipo 36 mwa iwowo dzina lawo silinaitanidwe. Onsewo analipo amene anawauza kuti akhoza.

Ine ndinakhalapo pa balaza la banja lina tsiku lachitatu la draft, Loweruka, tsiku la raundi yachinayi mpaka yachisanu ndi chiwiri. Anaphika, anaitana abale ndi a kutchalitchi, mnyamata atavala suti, foni ili pa tebulo pafupi ndi mbale ya mpunga. Masana anthu ankaseka. Pofika raundi yachisanu ndi chimodzi ana anawatulutsa panja, TV anaichepetsa mawu. Foni ikalira aliyense ankadzuka, koma anali achibale ofunsa ngati zatheka. Dzina lomaliza litatchulidwa, mayi ake anangonyamuka nkuyamba kutsuka mbale zomwe zinali zotsukatsuka kale. Mnyamatayo madzulo omwewo anaitanidwa ndi timu ina ngati wosatengedwa mu draft, anakachita nawo kampu, ndipo kumapeto kwa Ogasiti, pamene matimu amadula anthu kuchoka pa 90 kufika pa 53, anamubweza.

Tsopano ndalama, poti nkhani yagona pamenepo. Kale wotengedwa koyambirira ankalemera asanagwire ndi mpira womwe. Sam Bradford mu 2010 anasaina kontirakiti ya madola 78 miliyoni, mwa amenewo 50 miliyoni otsimikizika. Chaka chotsatira eni matimu ndi bungwe la osewera anagwirizana zoika malire pa malipiro a ongoyamba kumene, moti Cam Newton, amene anali woyamba kutengedwa mu 2011, anapeza 22 miliyoni pa zaka zinayi. Chiyambire pamenepo malipiro a mwana watsopano amatengera nambala imene watengedwera, palibe zonenerera ngati pa msika. Wa raundi yoyamba ndalama zake pafupifupi zonse ndi zotsimikizika: Caleb Williams mu 2024 anasaina cha m'ma 39 miliyoni, zonse zake ngakhale atavulala mawa. Koma ukatsika kufika raundi yachinayi, chotsimikizika ndi bonasi ya posaina yokha. Zotsalazo umalandira ngati uli mu timu. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa a wongoyamba anali madola 795,000 pa chaka, ndalama zoti munthu wa mashifiti awiri akamva amagwira pakamwa, koma akakudula mu Ogasiti sudziona. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Pa zimene walandirazo boma lidulapo msonkho wake, ejenti atengapo mpaka 3 pa 100 iliyonse.

Ndiye n'chifukwa chiyani ena ndimati apite? Chifukwa ndalama zenizeni zili pa kontirakiti yachiwiri, imene imabwera munthu akatha zaka zinayi mu ligi, ndipo thupi siliyembekezera. Bungwe la osewera limati ambiri amangokhala mu NFL zaka zitatu ndi kanthu pang'ono. Mwana amene matimu agwirizana kale kuti ndi wa raundi yoyamba alibe choti akawonjezere potsala, angokaika bondo lake pa ngozi.

Za bondozi ndinaziona ndi maso. Pa 1 Januwale 2016 tinasonkhana Amalawi angapo kudyera limodzi chaka chatsopano, TV ikuonetsa yunivesite ya Notre Dame ya konkuno ku South Bend ikumenyana ndi ya Ohio State mu Fiesta Bowl, amodzi mwa masewero otsekera chaka cha mpira wa koleji. Jaylon Smith wa Notre Dame, mwana wa ku Fort Wayne, anali pa chaka chachitatu, ndipo aliyense ankati adzatengedwa pakati pa asanu oyambirira. Masewero atangoyamba kumene anakankhidwa, anaponda ndi mwendo wamanzere molakwika, bondo linapindikira kumene bondo silipindikira. Ataonetsanso kachiwiri pang'onopang'ono, amayi ena amene sadziwa nkomwe malamulo a mpirawu anasiya mbamu ya nsima m'mbale nkuphimba kumaso. Mitsempha iwiri inaduka, wina wa mphamvu ya phazi unawonongeka. Dallas inamutenga pa nambala 34, chaka chonse cha 2016 sanasewere, ndipo mamiliyoni ambiri anapita pa sekondi imodzi ija. Kumapeto kwa chaka chomwecho Christian McCaffrey ndi Leonard Fournette anakana kusewera masewero awo otsiriza a koleji kuti adzisunge, anthu nkumawanyoza kuti ndi odzikonda. Ine sindinawanyoze. Marcus Lattimore wa ku South Carolina anavulala bondo mu 2012, San Francisco inamutengabe, koma anapuma asanasewereko ngakhale kamodzi mu NFL.

Kutsala nakonso kumagwetsa. Matt Barkley wa ku yunivesite ya USC ankayembekezeka kutengedwa koyambirira mu 2012, anasankha kutsala chaka china, anavulala phewa, ndipo mu 2013 anatengedwa mu raundi yachinayi. Inde tili ndi Peyton Manning ndi Andrew Luck, onse a Colts yathu ya ku Indianapolis, amene anatsala ndipo anatengedwabe pa nambala wani, wina mu 1998 wina mu 2012. Koma onsewa ndi ana a anthu amene anasewerapo mu NFL, kwawo kunalibe mayi wogwira ntchito usiku. Sindikonda anthu akamawatchula ngati chitsanzo kwa mwana wa munthu wosauka.

Ndiye mwana wanu ali mbali iti? Musafunse ejenti, musafunsenso ine. NFL ili ndi komiti yake yotchedwa College Advisory Committee, mmene mumakhala anthu a matimu amene ntchito yawo ndi kuunika osewera. Mwana amapempha kudzera kwa makochi a pasukulu pake, iwo amaonera mavidiyo a masewero ake nkumuyankha chimodzi mwa zitatu: raundi yoyamba, raundi yachiwiri, kapena tsala pasukulu. Taonani, yankho lakuti "raundi yachitatu" palibepo. Analichotsa dala pambuyo pa chipwirikiti cha 2014 chija, ataona kuti ana akumva "yachitatu" nkumathamangira kukagwa. Tsono ngati ejenti mwiniwake, munthu amene amadya pokhapokha mwana akasaina, akungofika pa "yachitatu kapena yachinayi", inu mukuganiza kuti komitiyo idzati chiyani? Safunsa anadya phula. Pemphani kalata imeneyo, ilibe mtengo.

Komanso zinthu zinasintha kuyambira nthawi ya Jaylon Smith. Kale mwana wa koleji akalandira ngakhale kandalama kochepa chifukwa cha mpira ankalangidwa, pamene sukulu ndi makochi akukolola mamiliyoni. Kuyambira pa 1 Julaye 2021 osewera analoledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo ndi nkhope yawo, zimene amazitcha NIL. Mu Juni 2025 woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano pa mlandu wa malipiro a osewera a koleji wotchedwa House, ndipo tsopano sukulu ikhoza kugawira osewera ake ndalama mwachindunji, mpaka cha m'ma madola 20.5 miliyoni pa sukulu imodzi m'chaka choyamba cha 2025-26, zambiri zikupita ku mpira womwewu. Zotsatira zake zikuoneka: mu 2018 otuluka msanga anapitirira 100, mu 2024 sanakwane 60. Ana a pakatikati, a "mwina yachinayi" ngati wanuyu, ndi amene akutsala, chifukwa atha kulandira kanthu ali pasukulu, digiri nkutenga, mpira nkuwonjezera luso. Jayden Daniels anatsala ku LSU mu 2023 pamene sankawerengedwa pakati pa apamwamba, anapata Heisman, mphoto ya wosewera wopambana onse pa mpira wa koleji, ndipo mu 2024 anatengedwa wachiwiri pa onse. Si aliyense zidzamuyendere choncho, koma nkhawa ya mwana wanu ya mashifiti ija ikhoza kupepukako asanachoke pasukulu. Apite kwa kochi akafunse molimba mtima kuti chaka chamawa sukulu imupatsa zingati, ndipo yankholo likhale lolembedwa.

Apa pali msampha umodzi wa ife obwera. Simunandiuze ngati mwanayo anabadwira kuno kapena ali ndi green card, chiphaso chokhalira kuno mokhazikika. Ngati ali pa viza ya ophunzira ya F-1, ndalama za NIL si zongolandira, chifukwa viza imeneyo imaletsa ntchito zambiri zolipidwa. Aonane ndi ofesi ya ophunzira akunja pasukulupo komanso loya wa za imigireshoni asanasaine kanthu kalikonse. Kutaya viza chifukwa cha kutsatsa malonda a malo ogulitsa galimoto kungakhale kupusa kwenikweni.

Za ejentiyo. Mwana amaloledwa kukhala ndi womuimira pa za NIL, koma akangosaina ndi ejenti woti akamugulitse ku NFL, kapena kulandira ndalama ndi mphatso zake, mpira wa koleji ukhoza kuthera pomwepo. Ndikukumbutseni za Mike Williams wa ku USC. Mu 2004 Maurice Clarett wa ku Ohio State anapambana mlandu wotsutsa lamulo la zaka zitatu lija, Williams ataona chitseko chatseguka anathamanga kukasaina ndi ejenti. Patangopita miyezi yochepa khoti la apilo linagwetsa chigamulocho (analemba chigamulo chatsopanocho ndi Sonia Sotomayor, amene pano ali ku khoti lalikulu la dziko lino). Williams anapezeka kuti ku NFL sangalowe, ku koleji sangabwerere, anakhala chaka chathunthu osasewera. Iye anali ndi mwayi, Detroit inamutengabe mu 2005. Clarett anatengedwa ndi Denver mu raundi yachitatu chaka chomwecho, anamudula asanasewere masewero a ligi ngakhale amodzi. Raundi yachitatu yomweyi imene akukulonjezaniyi.

Kwa atsibweni a ku Dedza ndingonena chinthu chimodzi, mwaulemu. Digiri siithawa ngati mmene mawondo amathawira. Jaylon Smith uja anabwerera ku Notre Dame nkumaliza mu 2019. Jerome Bettis anachoka pasukulu yomweyo mu 1993 ndipo anadzavala gauni mu 2022 ali ndi zaka 50. Koma awa ndi anthu amene mpira unawayanja, anali ndi ndalama ndi nthawi yobwerera. Amene wadulidwa mu Ogasiti, ali ndi lendi yoti alipire ndiponso mwina kamwana panjira, kubwerera m'kalasi kumamuvuta kwambiri. Choncho mwana wanu akaone kuti kwatsala makosi angati. Ambiri mwa anyamatawa amaphunziranso nthawi ya tchuthi cha chilimwe, moti mukhoza kupeza kuti atha kumaliza mu Disembala chaka chamawa, draft isanafike nkomwe. Afunsenso za inshuwalansi ya kuvulala, chifukwa masukulu ena amalipirira osewera awo odalirika, ndipo muwerenge bwino zimene inshuwalansiyo imakana kulipira.

Komiti ija ikadzayankha kuti raundi yoyamba kapena yachiwiri, mudzandilemberenso, ndidzakuthandizani kukonza mawu okawauza atsibweniwo, chifukwa pamenepo ndidzakhala mbali ya mwana. Pakadali pano, bambo wa ejentiyo akabweranso mulandireni bwino, mum'patse mpando ndi tiyi, koma cholembera chikhale kutali. Mum'funse kuti chaka chatha ndi ana angati amene anawauza za raundi yachitatu, anatengedwa pa nambala ziti, ndipo lero ali timu iti. Mum'pemphenso nambala ya foni ya mayi wa mmodzi mwa ana amene sanatengedwe.