Utsi wakuda pa makina osakaniza konkire: vuto ndi oyilo kodi?

Wowerenga wina, yemwe ali ndi kakampani komanga nyumba ku Lilongwe, wanditumizira imelo yodandaula kuti makina ake osakaniza konkire ndi otsendera dothi, onse a injini ya petulo ya Honda GX160, ayamba kutulutsa utsi wakuda ndi kuchepa mphamvu, ngakhale kuti amasintha oyilo akangoda. Akufunsa ngati akulakwitsa mtundu wa oyilo.

Bambo, ine ndikuona kuti oyilo mukumunamizira. Utsi wakuda umasonyeza kuti injini ikulandira petulo wambiri koma mpweya wochepa, ndipo pamalo omanga, pamene matumba a simenti amakhuthulidwira pambali penipeni pa injini, choyamba kuchikayikira ndi fyuluta ya mpweya. Opanga injiniyi amalangiza kuiyeretsa pakatha maola 50 aliwonse, koma m'fumbi la chilimwe monga la mu Okutobala ndi bwino kuitsegula m'mawa uliwonse ntchito isanayambe. Fyulutayi ili ndi mbali ziwiri. Siponji yakunja muichape ndi madzi ofunda a sopo, iume bwinobwino, kenako muinyike mu oyilo watsopano ndi kuifinya mpaka isadonthenso. Mbali yapepala muigogode pang'onopang'ono pamalo olimba kuti fumbi ligwe, koma musaichape kapena kuipukuta ndi burashi, chifukwa mukatero mumangolowetsa fumbi mkati mwa pepalalo. Ikang'ambika, gulani ina. Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi chizolowezi cha anyamata ena chochotseratu fyuluta kuti makina ayambenso kukoka, chifukwa fumbi la simenti ndi mchenga likalowa mu silinda limadya maring'i a pisitoni, ndipo pamenepo utsi umasanduka wabuluu ndi ndalama zokonzetsera zimakwera.

Kunena za oyilo, musamadalire kuda kwake, koma muziwerenga maola. Injini yatsopano imafunika oyilo wina ikagwira maola 20 oyambirira, kenako maola 100 aliwonse kapena miyezi 6. Makina ogwira ntchito tsiku lonse amakwanitsa maola 100 pasanathe milungu itatu, choncho kakope kolembamo maola n'kofunika. Thirani oyilo wa SAE 10W-30 wokwana pafupifupi malita 0.6, mukhetse wakale injini ikadali yofunda, ndipo muyeze mlingo makina ataima pamalo osapendekeka. Injini ikamazima yokha chifukwa cha Oil Alert, kachipangizo kozimitsa injini oyilo akachepa, onjezerani oyilo. Musalole wina kudula waya wake.

Pulagi ya injiniyi ndi NGK BPR6ES, mpata wake ukhale pakati pa mamilimita 0.7 ndi 0.8, ndipo ngati makina akhala akufuka mudzaipeza itakutidwa ndi mwaye wouma wofunika kuchotsa.

Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi, kotero makina akati akhale osagwira ntchito kopitirira mwezi umodzi, monga zimachitikira nyengo ya dzinja, tsekani kampopi ka petulo ndi kukhetsa wotsalira mu kabyuleta.

Mukachita zonsezi utsi wakuda n'kupitirira, onetsetsani kuti choko, kachitseko kochepetsa mpweya poliza injini, ikutseguka yonse, kenako mupite nawo kwa makaniko akatsuke kabyuleta ndi kuyeza mpata wa mavavu, womwe uyenera kuyezedwa injini itazizira, motsatira buku la injiniyo.