Kodi Mkhristu angalembe nkhani zopeka za zodabwitsa? Yankho kwa mlongo wa ku Mchinji

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Mchinji amene amaphunzitsa ana a Sande sukulu pa mpingo wa kwawo, ndipo akulakalaka kudzakhala mlembi. Dzina lake ndalisunga. Iye akuti ali ndi makope awiri. M'kope loyamba akulembamo kabuku ka malangizo a pemphero ka atsikana anzake, pamene m'kope lachiwiri muli nkhani yaitali yopeka ya mwana amene analowa m'phanga la m'phiri n'kukapeza dziko limene nyama zimalankhula, lolamulidwa ndi nkhalamba ina yaikazi yamatsenga. Mkulu wina wa mpingo ataona kope lachiwirilo anamulangiza kuti aliotche, ponena mawu a m'Baibulo akuti kasupe mmodzi sangatulutse madzi okoma ndi owawa. Funso lake ndi lakuti: "Kodi ndingalembe zonse ziwiri popanda kuchimwa, kapena ndisankhe chimodzi?"

Achemwali, kopelo musaliotche. Komanso mkuluyo musamunyoze mumtima, chifukwa mantha ake ali ndi pochokera, ndipo ndibwererako.

Tiyambire m'Baibulo momwemo, popeza ndi mmene mkuluyo waimapo. Pa Oweruza 9, Yotamu anaimirira pa phiri la Gerizimu n'kuuza anthu a ku Sekemu za mitengo imene inapita kukafuna mfumu. Mtengo wa azitona unakana, mkuyu unakana, mpesa nawo unakana, mpaka ufumu unagwera chitsamba chaminga. Palibe amene amakhulupirira kuti mitengo inachitadi msonkhano, koma aliyense amene anali pamenepo anamva kuti akunena za Abimeleki, amene iwo anali atamulonga ufumu. Pa 2 Samueli 12, mneneri Natani sanayambe ndi kudzudzula Davide. Anamufotokozera za munthu wosauka amene anali ndi kamwana kankhosa kamodzi kokha, kodya naye mbale imodzi ndi kugona pachifuwa pake, ndipo mfumu itapsa mtima ndi wolemera amene analanda kankhosako, m'pamene inauzidwa kuti munthuyo ndi iyo yomwe. Nkhani yopeka inalowa pamene chidzudzulo chachindunji chikanapeza chitseko chotseka. Bodza limafuna kuti womvera akhulupirire chimene sichinachitike. Nthano imadziulula yokha kuyambira pachiyambi. Agogo akati "Padangokhala," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse," tonse timakhala tagwirizana kuti kalulu alankhula usiku uno, ndipo palibe amene wanamizidwa.

Njira imene mukufuna kuyendayi ena anaiyendapo kale. John Bunyan, mlaliki wa ku England amene anakhala zaka 12 m'ndende ya ku Bedford chifukwa cholalikira popanda chilolezo, anatulutsa The Pilgrim's Progress mu 1678, buku lodzaza ndi zimphona ndi zilombo, ndipo amishoni analimasulira m'zilankhulo zambiri za mu Africa muno. C. S. Lewis ndiye afanana nanu kwambiri, chifukwa zaka zomwe ankatulutsa mabuku 7 a Narnia, nkhani zopeka za ana zokhala ndi mfiti ndi nyama zolankhula, kuyambira 1950 mpaka 1956, anatulutsanso Mere Christianity mu 1952, buku lofotokoza chikhulupiriro lochokera ku nkhani zimene ankakamba pa wailesi ya BBC nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kuno kwathu, Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, nkhani yopeka ya m'Chichewa imene inatuluka mu 1933, ndipo munthu yemweyo analembanso Mbiri ya Achewa. Dzanja limodzi linagwira zopeka ndi zenizeni.

Tsopano tibwerere kwa mkulu uja. Lewis polemba za mfiti ankalembera ana amene ambiri mwa iwo sankagona ndi mantha akuti mfiti ili kuseri kwa nyumba. Inu ndi ine tikulembera anthu amene kwa iwo ufiti ndi nkhani ya pamaliro, ya pabwalo la mfumu, ya pachibale chimene chinatha. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, komabe chaka ndi chaka timamva za okalamba amene amenyedwa, kuotcheredwa nyumba, ngakhale kuphedwa kumene, chifukwa mwana wamwalira mwadzidzidzi kapena mvula yachedwa. N'chifukwa chake mbali imene yandidetsa nkhawa m'kalata yanu si nyama zolankhula ayi, koma nkhalamba yaikazi yamatsenga ija. Mwana wa Sitandade 6 akawerenga za gogo wa maso ofiira, wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, amene amadya ana, sakaganiza za dziko la m'phanga. Akaganiza za agogo enaake amene amawadutsa tsiku lililonse popita kumjigo, amene maso awo anafiira ndi utsi wa nkhuni wa zaka zambiri. Ndikupemphani kuti muganizenso za munthu ameneyu. Woipa wa m'nkhani yanu angathe kukhala mfumu yadyera imene yatseka kasupe, kapena chilombo chimene chimakula anthu akamanamizirana, ndipo gogoyo angathe kukhala amene akudziwa njira yotulukira m'phangamo. Zodabwitsa zikhalepo ndithu, koma zisakhale zophunzitsa mwana kukhulupirira zithumwa kapena kuopa okalamba. Mukatero, zamatsenga ndi zoombeza zimene Deuteronomo 18 amaletsa simunazikhudze n'komwe.

Pa zodabwitsazo, musavutike kukabwereka kunja. Ndaona zolemba zambiri za achinyamata zodzaza ndi zinjoka zolavula moto ndi nyumba zachifumu za m'chipale chofewa, zotengedwa m'mafilimu, pamene wolembayo sanaonepo n'komwe chipalecho. Ife tili ndi Napolo, amene amati akamasamuka kuphiri kupita kunyanja amakokolola miyala ndi mitengo, ndipo malemu Steve Chimombo anamangapo ndakatulo zake zambiri. Tili ndi Kaphirintiwa ku Dzalanyama, kumene makolo ankati anthu oyamba anasiya mapazi awo pathanthwe lisanaume. Tili ndi nanzikambe amene anachedwa ndi uthenga wa moyo mpaka buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa. Ngakhale za lero zilipo. Mu 2022 njovu 263 anazisamutsa pa magalimoto kuchoka ku Liwonde kubwera kunkhalango ya kuno ku Kasungu, ndipo alimi oyandikana ndi nkhalangoyo akudziwa bwino mmene munda wa chimanga umaonekera m'mawa njovu zikadutsamo. Ngati nyama za m'nkhani yanu zimalankhula, njovu yotsitsidwa pa lole m'dziko lachilendo ili ndi zambiri zonena, ndipo mlimi amene yamudyera chakudya cha chaka chonse nayenso ali ndi zake.

Chimene ndikufuna muchiope kwambiri chili m'kope loyamba lija, limene aliyense akuliyamikira. Ine ndinagwapo pamenepa. Zaka zapitazo ndinalemba kabuku ka maumboni ka pa mpingo wathu, ndipo mayi wina anandifotokozera mmene mwana wake anachirira malungo aakulu atagonekedwa m'chipatala masiku asanu. Nkhaniyo inandionekera yopepuka, choncho ndinawonjezera kuti madokotala anali atataya mtima. Kabukuko katatuluka, mayiyo anandipeza panja pa tchalitchi, kabuku kali m'manja atakapinda pa tsamba lomwelo, n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Abambo, adokotala sanataye mtima. Anagona pambali pa mwana wanga usiku wonse." Ndinalanda ulemu wa munthu amene anagwira ntchito yake mokhulupirika, ndikuganiza kuti ndikuwonjezera ulemerero wa Mulungu. Limeneli ndiye linali bodza lenileni, ndipo linali m'buku lachikhristu, osati m'nthano. Choncho m'kabuku ka pemphero musapekemo kanthu. Vesi lililonse mukalitsegule n'kuliona ndi maso, kaya mukugwiritsa ntchito Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, ndipo munene lomwe mwatengamo. Umboni wa munthu muulembe monga anaunenera, mumuwerengere musanasindikize, ndipo akakana muuchotse.

Ngozi ya mbali inayo ndi yakuti ulaliki ulowerere m'nthano. Kalulu akaima pakati pa nkhani n'kuyamba kufotokoza chiphunzitso cha chipulumutso kwa masamba atatu, ana amayamba kuyasamula, ndipo amakhala akulondola. Natani sanaike phunziro m'kamwa mwa kankhosa. Chikhulupiriro chanu chionekere m'zimene anthu a m'nkhaniyo akusankha pamene zinthu zavuta: amene wakhululuka, amene wabwerera kukatenga mnzake, amene wavomera kulipira mlandu wa wina.

Za kagwiridwe ka ntchito ndinene mwachidule. Lembani tsiku lililonse ngakhale tsamba limodzi, ndipo makope awiriwo muwapatse nthawi zosiyana kuti mawu a lina asalowe m'linzake. Zimene mwalemba pamanja muzizijambula pa foni kapena kuzitaipa n'kudzitumizira pa imelo, chifukwa chiswe ndi denga lodontha zadya mabuku ambiri a Amalawi asanasindikizidwe. Fufuzani za bungwe la alembi la Malawi Writers Union ndi mipikisano yake ya nkhani zifupizifupi, ndipo kabuku ka pempheroko kakakhwima mungakafunse kwa osindikiza mabuku achikhristu monga CLAIM. Ndalama za mabuku kuno n'zochepa, choncho ntchito imene imakudyetsani musaisiye.

Owerenga anu oyamba muli nawo kale. Lamlungu likubwerali, mapemphero akatha, khalani ndi ana anu a Sande sukulu pansi pa mtengo, muwawerengere mutu woyamba mokweza, ndipo muike kachizindikiro ka pensulo paliponse pamene ayamba kuseweretsa timiyala. Mkulu uja mumuitane mwaulemu adzakhale nawo, mumupatse mpando, amve yekha zimene zili m'kopemo. Mukakonza za gogo uja, munditumizire mutuwo pamodzi ndi zimene mkuluyo wanena, ndipo ndidzauwerenga.