Kwa achimwene a ku Ruwa: damu la mamita 10 ndi nsomba 1,000 mwezi wa Meyi

Achimwene, mwati mwakumba damu la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi kupuloti kwanu ku Ruwa, pafupi ndi Harare kuno ku Zimbabwe, mwayala dam liner (pulasitiki yokhuthala yoletsa madzi kulowa pansi), madzi mukutunga pa borehole, ndipo mukufuna kuikamo mbewu, kapena kuti ana a nsomba, 1,000 a bream (nsomba yofanana ndi chambo) mwezi uno wa Meyi. Mwafunsanso ngati mungasakanize ndi milamba, komanso ngati wachibale angakubweretsereni ana a chambo pa basi kuchokera kumudzi ku Malawi. Musanalipire aliyense ndikupempheni zinthu ziwiri: dikirani mpaka Seputembala, ndipo nambalayo muidule ifike pa 300 kapena 400.

Tiyambe ndi kuzizira, chifukwa n'kumene kumagwetsa ambiri mwa ife amene tinazolowera kumva za ulimi wa nsomba wa ku Mangochi kapena ku Chigwa cha Shire. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, ndipo damu laling'ono ngati lanulo silisunga kutentha. Bream imakula bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 25 ndi 30. Akatsika pansi pa 20 imadya monyinyirika, akafika cha m'ma 16 imangosiyiratu kudya, ndipo akayandikira 11 kapena 10 imayamba kufa. Kansomba ka magalamu 5 kamene mwakaika mu Meyi kadzafika Ogasiti kali chimodzimodzi, ngati kapulumuka. Tambiri timagwidwa ndi nkhungu yoyera yooneka ngati thonje pamsana ndi kumchira, makamaka pamene tinakalika ponyamula. Makampani akuluakulu ngati Lake Harvest amawetera ku Kariba chifukwa kumeneko n'kotsika ndipo madzi ake ndi ofunda. Ife a kuno nyengo yathu yoweta imayamba kumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala n'kutha mu Epulo. Gulani thermometer, muziyeza madzi cha m'ma 6 koloko m'mawa, ndipo akakhala pa madigiri 22 kapena kuposa kwa sabata yathunthu, ndiye kaitanitseni mbewu.

Tsopano nambala. Ogulitsa mbewu ena adzakuuzani kuti ikani 10 pa sikweya mita iliyonse, poti iwo akugulitsa mbewu. Koma chimene chimalamula kuchuluka kwa nsomba m'damu ndi mpweya wa m'madzi, makamaka m'bandakucha. Masana ndere zobiriwira zija zimatulutsa mpweya dzuwa likamawala. Usiku nderezo, nsomba, ndi zonyansa zowola pansi, zonse zimapikisana kuumwa, ndipo pofika 4 kapena 5 koloko m'mawa umakhala utatsala pang'ono kutha. Damu lopanda makina opopera mpweya limatha kusunga pafupifupi kilogalamu imodzi ya nsomba pa sikweya mita, osaposa pamenepo kwenikweni. Lanulo ndi masikweya mita 100. Nsomba 1,000 zikafika magalamu 300 iliyonse ndi makilogalamu 300, kuwirikiza katatu zimene damulo lingakwanitse. Miyezi itatu yoyamba zonse zimaoneka bwino chifukwa nsomba zikadali zazing'ono. Vuto limabwera mu Januwale kapena Febuluwale, patapita masiku awiri kapena atatu a mitambo ndi mvula yamvumbi: mumadzuka m'mawa n'kupeza nsomba zonse zili pamwamba, zikuyasamula kukamwa, ndipo zoyamba kufa zimakhala zazikuluzikulu zimene mumaziwerengera kale ndalama. Aerator, makina opopera mpweya aja, imalola kuika zambiri, koma mukudziwa mmene magetsi amathimira kuno, ndipo usiku umodzi wokha wopanda magetsi ungathe kukutherani damu lonse. Ngati mulibe sola yokhala ndi batire yoti izipopa mpaka kucha, khalani pa nsomba 3 kapena 4 pa sikweya mita.

Mukaika 300, n'kupulumuka 270, pa magalamu 300 iliyonse mudzakolola makilogalamu pafupifupi 80. Chakudya chogula chimalowa pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse ya nsomba, ndiye konzekerani makilogalamu 120, kapena kuti matumba asanu a makilogalamu 25. Werengerani mtengo wa matumbawo lero, muyerekeze ndi mtengo wa bream pa msika, kuti mulowe mukudziwa kuti damu limodzi la saizi imeneyi ndi la ndiwo zapakhomo ndi kaphindu kochepa.

Za chambo cha kumudzi, chonde zisiyeni. Ulendo wodzera pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda ndi wautali, ana a nsomba m'chigubu sangafike amoyo. Kuolotsa nsomba zamoyo pamalire kumafuna chilolezo, ndipo pali chifukwa chake: matenda a zilonda otchedwa EUS anapezeka ku Malawi mu 2020, kuyambira ku Mchinji, ndipo amayenda ndi nsomba, madzi ndi maukonde. Kubwerera nakonso n'chimodzimodzi. Bream imene imawetedwa kwambiri kuno ndi Nile tilapia, imene ku Malawi saloleza kuweta poteteza chambo ndi makumba a m'nyanja, ndiye musadzatengere abale kumudzi ngati mphatso. Musakawedzenso mbewu ku nyanja ya Chivero, pafupi ndi Harare, kapena kumadamu a m'mafamu. Simudziwa msinkhu wake, simudziwa matenda ake, ndipo zimakhala zosakanikirana zazimuna ndi zazikazi.

Nkhani ya zazikaziyi ndi yaikulu. Bream imayamba kuswana ikadali yaing'ono, patangotha miyezi itatu kapena inayi, ndipo yaikazi imafungatira mazira m'kamwa, osadya masiku ambiri. Mukaika zosakanikirana, pofika Febuluwale damu ladzaza ndi tiana tosawerengeka todya chakudya chimene munagulira makolo awo, ndipo pokolola mupeza tinsomba tosaposa chikhatho cha mwana. Gulani kwa oswetsa mbewu odziwika, munene kuti mukufuna zamphongo zokhazokha, zimene amazitcha sex-reversed, zolemera magalamu 3 mpaka 5 komanso zofanana msinkhu. Ngakhale zimenezo mumapezeka zazikazi zochepa, ndipo apa ndi pamene milamba imathandiza. Koma musaike tsiku limodzi. Mlamba umakula msanga ndipo umameza chilichonse cholowa m'kamwa mwake. Dikirani bream ifike magalamu 80 kapena 100, kenako ikani milamba yaing'ono, umodzi pa bream 10 zilizonse, kuti izidya tiana toswedwato. Dziwaninso kuti mlamba umapuma mpweya wa kunja, ndipo usiku wa mvula umatha kukwawa n'kutuluka ngati madzi afika m'milomo mwa damu.

Miyezi inayi imene mukudikirayi muli ndi ntchito. Onani kuya kwa damu: mbali imodzi ikhale mita imodzi, inayo mita imodzi ndi theka, ndipo pakati pa madzi ndi pamwamba pa khoma pazitsala masentimita 30. Kumbali yakuyayo ikani paipi yotulutsira madzi yokoka kuchokera pansi, chifukwa ndi kumene kumaunjikana ndowe za nsomba ndi chakudya chowola, ndipo kukamwa kwake mumange sefa. Mphepete mwa liner mukwirire m'ngalande ndi dothi kuti dzuwa lisaiwotche ndiponso mphepo isaifukule. Mangani mpanda wa waya wokhala ndi chitseko chokhoma. Liner ikamera ndere imaterera kwambiri moti ngakhale munthu wamkulu akagwamo amalephera kutuluka, nanji mwana. Mponyemo chingwe chokhala ndi mfundo kapena makwerero pakona imodzi, zizikhala momwemo nthawi zonse. Pamwamba kokani ukonde kapena zingwe zopingasa chifukwa cha akakowa ndi anantchengwa, ndipo udzu wozungulira muzitchetcha kuti ng'azi zisapeze pobisala. Pitaninso kwa alangizi a zaulimi a boma a Agritex a kudera kwanu kapena ku ZimParks, bungwe loona za nyama zakutchire, mukafunse za chilolezo choweta nsomba, ndi ku ZINWA, bungwe loona za madzi, mukafunse za madzi a borehole, makamaka ngati mukufuna kudzagulitsa.

Kutatsala masabata awiri kuti mbewu ibwere, dzazani damu n'kulibiriwitsa. Madzi a borehole amatuluka pansi alibe mpweya wokwanira, ndiye paipi yolowetsa ikhale pamwamba, madzi azigwa mothovoka, kapena azimenya kaye pathabwa. A kampopi wa khonsolo ali ndi chlorine, amafunika kukhala masiku angapo asanakumane ndi nsomba. Tengani zitosi za nkhuku zouma makilogalamu 5, muike m'thumba la saka, mumange n'kulimiza pakona, ndipo muzisintha sabata iliyonse. Musamwaze zaziwisi m'madzi, zimamwa mpweya powola. Poyeza, pisani mkono mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, madzi akadali osabereka, onjezerani zitosi. Chikasowa mkono usanafike pakati, ndere zachuluka, chotsani thumbalo ndipo musinthe madzi ena. Pabwino ndi pamene chikhatho chikuzimiririka cha pa chigongono pomwepo, pafupifupi masentimita 30.

Tsiku lotenga mbewu pitani m'mamawa. Matumba a pulasitiki aja muwayandamitse padamu osamasula kwa mphindi 20 kapena 30, kenako masulani, muzithiramo madzi a m'damu pang'onopang'ono, n'kupendeketsa thumba kuti tinsomba tituluke tokha. Kuzikhuthula nthawi imodzi kuchokera m'madzi ofunda kupita m'ozizira kumazipha, ndipo zina zimafa patapita masiku awiri inu n'kumaganiza kuti anakugulitsani zodwala. Tsiku limenelo musadyetse.

Chakudya chimayendera kulemera kwa nsomba. Zing'onozing'ono zimafuna cha phulusa kapena timibulu tating'ono ta protein 40 peresenti kapena kuposa, kanayi pa tsiku. Zikapitirira magalamu 50 mumasinthira ku cha 32 peresenti, ndipo chakumapeto cha 28 kapena 30 chimakwana. Masabata awiri aliwonse gwirani nsomba 20 m'mawa, muyeze pa sikelo zili m'ndowa ya madzi, mupeze kulemera kwa imodzi. Zikakhala 300 za magalamu 50, ndiye makilogalamu 15, ndipo pa 4 peresenti muzipereka magalamu 600 pa tsiku, mogawa katatu. Zikafika magalamu 150 tsitsani mpaka 3 peresenti, ndipo zikadutsa 250 mufike pa 2. Muzidyetsa pamalo amodzi, dzuwa litakwera, cha m'ma 9 koloko ndi masana, osati m'bandakucha mpweya uli wochepa. Gulani timibulu toyandama kuti muziona ndi maso: zikasiya chakudya patatha mphindi 15, mwachulutsa, ndipo zikasiya masiku awiri otsatizana, yezani kutentha ndi kuyang'ana madzi musanaganize za mankhwala. Madeya amathandiza m'damu lobiriwira bwino, koma paokha sangakufikitseni pa magalamu 300 kusanazizire. Zotsala za nsima ndi zamafuta zisalowemo.

Madzi muzisintha gawo limodzi mwa magawo 10 sabata iliyonse, ndipo nsomba zikakula mufike magawo awiri. Mu Okutobala dzuwa lokha limatha kumwa malita 500 kapena kuposa pa tsiku padamu ngati lanulo, ndiye onani ngati borehole yanu ingapirire nyengo imeneyo. Otulukawo musataye, thirirani rape ndi tomato. Mukapeza nsomba zikuyasamula pamwamba m'mawa, siyani kudyetsa tsiku lonse, tulutsani madzi a pansi, lowetsani atsopano mothovoka, ndipo ngati muli ndi pampu ipopeni madzi a m'damu momwemo azigwa ngati mvula. Yakufa iliyonse ivuulidwe msanga n'kukwiriridwa. Yokhala ndi nkhungu yoyera ija muiike padera m'madzi a mchere wa m'khitchini, magalamu 10 pa lita, kwa mphindi 20, mukuiyang'ana. Ikayamba kugona chammbali ichotseni.

Kololani mu Epulo kusanazizire, zikafika magalamu 250 mpaka 350. Pezani ogula tsiku lisanafike, chifukwa nsomba ikatuluka m'madzi siidikira, ndipo ngati mulibe firiji yodalirika muzikolola pang'onopang'ono ndi khoka malinga ndi maoda. Siyani kudyetsa tsiku lathunthu musanakolole. Zikamamveka fungo la matope, zisungeni m'thanki ya madzi oyera masiku awiri kapena atatu osadyetsa. Mukatha phwetsani damu lonse, kokololani matope a pansi ndi tsache lofewa, osati fosholo, mupite nawo kudimba, ndipo muyang'ane liner yonse ngati yabooka isanayambe nyengo ina.