Achimwene, musawachedwetse bambo chifukwa cha mantha a mtsempha

Achimwene a ku Ndirande, mwati bambo ali ndi heniya (chotupa chobwera matumbo akatulukira pabowo la khoma la mimba) m'mphechepeche, adokotala alamula opaleshoni, koma iwo akukana poti anamva kuti pamenepo pali mtsempha woti ukangodulidwa, munthu wapita. Ndinagwirapo unamwino ku thiyeta, ndiye ndiyankhepo.

Mitsemphayo ilipodi. Koma dokotala saipeza modzidzimuka ngati mwala mumpunga, amadziwa pomwe uliwonse wagona asanagwire n'komwe mpeni. Wina ndi inferior epigastric, umachokera m'mphechepeche kukwera chakumchombo, ndipo ndiwo umaonetsa mtundu wa heniya. Ikatulukira kunja kwa mtsemphawu, ndi ija imatsikira kuthumba la abambo. Ikatulukira chamkati, ndiye kuti khoma la mimba lafooka, zomwe zimakonda achikulire.

Oopsa kwenikweni ndi a femoral, akuluakulu opita kumwendo, omwe amadutsa pansi penipeni pa malo osokedwawo. Tikafika apa ndinkaona dokotala akusiya nthabwala, n'kumasoka pang'onopang'ono kuti singano isazame. Palinso timitsempha todyetsa machende, pepani mawuwo. Timeneto amatikoleka ndi kachingwe kofewa n'kutikokera pambali, kenako n'kuyala kaukonde kotchedwa mesh kolimbitsa khoma lija. Njira imeneyi ndi ya Lichtenstein, ndipo nthawi zambiri munthu amangobayidwa jakisoni wa pamsana, osagonetsedwa tulo.

Ine chomwe ndimaopa ndi kudikira. Opaleshoni yokonzekera, yamasana, zonse zimaoneka bwinobwino. Koma matumbo akakanirira pabowopo n'kutupa, wodwala n'kubwera naye pakati pa usiku, ntchito imavuta, ndipo nthawi zina amachita kudulako matumbo omwe afa. Malamba omanga pamimba aja sachiza, amangobisa.

Ndiye chotupacho chikalimba, chikamakana kubwerera mkati bambo atagona chagada, akamamva ululu kwambiri, kusanza kapena kulephera kutulutsa mpweya, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto, thamangani nawo ku Gulupu.

Tsiku lokaonana ndi adokotala munyamule buku lawo lakuchipatala ndi mankhwala onse omwe amamwa, ngakhale azitsamba omwe. Aspirin ndi warfarin amachedwetsa magazi kuundana, koma asasiye okha kumwa, adokotala ndiwo anene tsiku. Ngati amasuta fodya, amatsokomola nthawi yaitali, amadzimbidwa kapena kuvutika pokodza, anene zonse osachita manyazi, chifukwa kudzikankha ndi komwe kumabweza heniya.

Akatuluka, kuda pang'ono kwa khungu pafupi ndi bala si nkhani. Koma bandeji ikamanyowa magazi, thumba likamakula msangamsanga kapena mwendo ukatupa, bwererani tsiku lomwelo. Ndipo matumba a chimanga a kuchigayo munyamule ndinu kwa milungu 6, ngakhale iwo atati apeza bwino.