Galu wadwala kapamba: kodi nsima ndimusiyitse?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira kalata pa imelo. Galu wawo, wa zaka 7 komanso wonenepa ndithu, anadya zotsala pa chinkhoswe: zikopa za nkhuku, mafuta a nkhumba, ndi msuzi wokokota m'mapoto. Kutacha anayamba kusanza ndi kukana chakudya, kenaka n'kumagwetsa chifuwa pansi matako ali m'mwamba ngati akupemphera. Dokotala wa ziweto anapeza kuti ndi pancreatitis, matenda otupa kapamba, anamuika diripi, ndipo pano ali kunyumba. Mayiwa akufunsa kuti: "Chakudya cha m'matumba chomwe adokotala atchula n'chodula kwambiri. Kodi nsima ndimusiyitse? Nanga azidya mosankha chonchi mpaka liti?"

Mayi, munachita bwino kuthamangira kwa dokotala. Kagonedwe kamene munaona kaja ndi ka galu amene m'mimba mukumupweteka kwambiri, ndipo matendawa akakula amapha. Pa nsima yankho langa n'lakuti musamusiyitse. Nsima si imene inamudwalitsa. Choyenera kuyang'anitsitsa ndi mafuta amene amabwera pamodzi ndi nsimayo.

Kapamba ali pafupi ndi chifu, pomwe matumbo ayambira. Amapanga timadzi togaya mafuta, nyama ndi sitachi, komanso insulini yoyendetsa shuga m'magazi. Timadzi togayato timayenera kuyamba ntchito tikafika m'matumbo. Pa matendawa timayamba tili m'kati mwa kapamba momwemo n'kumamudya mwini wake, ngati moto woyaka m'nkhokwe m'malo mwa pamafuwa. Mafuta ndiwo amakakamiza kapamba kugwira ntchito yochuluka, n'chifukwa chake galu wonenepa amene wamwetsedwa msuzi wa nkhumba tsiku limodzi amagwidwa mosavuta.

Tsono tiyeni tione mbale ya galu wa pakhomo pathu. Ufa woyera uli ndi mafuta ochepa zedi. Mgaiwa uli nawo ochulukirapo pang'ono, koma osadetsa nkhawa. Vuto limalowa ndi ndiwo. Timathira mafuta ophikira mu nyemba, mu masamba, mu usipa, ndiye zotsala zonsezo timakhuthulira galu. Masamba otendera anthu ambiri amawaona ngati chakudya chopepuka, chonsecho pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta. Ndiwo zansinjiro zichoke m'mbale mwake. Zichokenso zikopa za nkhuku, mang'ina, mafupa okhala ndi mafuta m'kati, zotsala za kanyenya, tchipisi, masoseji, mandasi, mapeyala ndi majarini. Msuzi wokazingira anyezi kapena adyo ndi woipa pawiri, popeza ziwirizi zimawononganso magazi a galu.

Muzimuphikira payekha, m'kapoto kake. Tengani chidali cha nkhuku, chotsani chikopa ndi mafuta achikasu onse amene mukuwaona, wiritsani m'madzi okha popanda mchere kapena mafuta. Msuzi wake ukazizira mudzaona timafuta tayandama pamwamba. Tiwauleni ndi supuni. Nyamayo nyenyani tizidutswa, sakanizani ndi mpunga wofewa kapena nsima yofewa. Mbatata yowiritsa ndi dzungu n'zabwinonso. Nkhuku ikasowa, choyera cha dzira chowiritsa chimathandiza, koma kachikasu kam'kati kasiyeni chifukwa mafuta a dzira ali mmenemo. Nsomba yopanda mafuta ambiri, yowiritsa ndi yochotsa minga, imalowanso m'malo.

Musamupatse mulu umodzi madzulo monga timachitira ambirife. Chakudya cha tsiku chigaweni kanayi, pang'onopang'ono, ndipo madzi oyera asachoke pafupi. Pali langizo lakale lakuti galu wotere azikhala ndi njala masiku angapo kuti kapamba apume. Madokotala ambiri analisiya, ataona kuti matumbo amachira bwino galu akayamba kudya msanga kusanza kukangoleka. Akakana chakudya tsiku lonse lathunthu, imbirani dokotala; pali mankhwala oletsa nseru monga maropitant amene amathandiza kwambiri.

Za chakudya cha m'matumba, adokotala sanakunamizeni. Royal Canin Gastrointestinal Low Fat ndi Hill's i/d Low Fat anazipangira agalu otere, ndipo ubwino wake n'kuti zonse zofunika m'thupi zilimo. Nkhuku ndi mpunga n'zokwanira kwa masabata ochepa okha, chifukwa mulibe kashiyamu wokwanira ndi mavitamini ena. Ngati mudzapitiriza kuphika nokha kwa miyezi, pemphani dokotala akuuzeni zoonjezera ndi mlingo wake malinga ndi kulemera kwa galuyo. Mukafuna mtundu wina wotsika mtengo, werengani pathumba. Pa chakudya chouma funani chomwe mafuta ake safika 10 peresenti. Cha m'zitini chimapusitsa. Chitini chikalembedwa mafuta 4 peresenti pomwe madzi ndi 75 peresenti, ndiye kuti chakudya chenicheni ndi magawo 25 okha, ndipo 4 pa 25 ndi 16 peresenti. Chimenecho n'chonona kwa galu wanu. Posintha chakudya, sakanizani chatsopano ndi chakale kwa sabata imodzi.

Chimene ndimadera nkhawa kwambiri si poto wanu ayi, koma manja ena a pakhomopo. Inu mudzasamala, koma mwana adzamuponyera chikopa cha nkhuku pansi pa tebulo chifukwa chomumvera chisoni. Alonda usiku adzagawana naye ndiwo zawo, poti ndi mnzawo wa pantchito. Mlendo adzamupatsa fupa. Onsewa amachita mwachikondi, ndiye musawakalipire. Akhazikeni pansi, auzeni mmene galuyo anavutikira, ndipo ikani pambali tizidutswa ta karoti kapena mbatata yowiritsa kuti wofuna kumupatsa kanthu azitenga pamenepo. Bini ikhale ndi chivindikiro cholimba ndipo kudzala asafikeko. Tsiku la phwando mutsekereni kwina mpaka mapoto atatsukidwa.

Chonde musamupatse mankhwala a anthu oletsa ululu. Ibuprofen ndi diclofenac amatha kuboola chifu ndi kuwononga impso za galu. Panado nayenso musamupatse popanda dokotala kunena mlingo.

Mpaka liti? Galu amene wadwala kamodzi chifukwa cha phwando limodzi nthawi zina amabwerera pang'onopang'ono ku chakudya cha mafuta apakatikati, dokotala akavomereza. Akadwala kachiwiri, kapena akakhala wa mtundu umene matendawa amaukonda monga Miniature Schnauzer, Cocker Spaniel ndi Yorkshire Terrier, ndiye kuti ndi za moyo wonse. Kwa wanuyo, pokhala ndi wamkulu kale komanso wonenepa, ine ndingasankhe kukhala pa mafuta ochepa osabwereranso. Achepenso thupi mosathamanga, mpaka nthiti muzizimva mukasisita m'mbali, ndipo mphamvu zikabwerera muziyenda naye m'mawa kapena dzuwa litapepa.

Nkhupakupa musazilekerere. Matenda a babesiosis amene zimafalitsa, ofala kuno kummwera kwa Africa, akakula amatha kutupitsanso kapamba. Madokotala a kusukulu ya za ziweto ya Onderstepoort ku Pretoria, m'dziko la South Africa, analembapo za zimenezi.

Kapamba akatupa mobwerezabwereza amachita zipsera, ndipo zotsatira zake n'ziwiri. Galu akayamba kumwa madzi kwambiri, kukodza pafupipafupi, kuonda, mwinanso maso kuchita ng'ala, mukamuyezetse shuga. Akamadya ngati sakhuta koma n'kumaondabe, chimbudzi chake chili chambiri, chotuwa ndi chamafuta, mwina kapamba wasiya kupanga timadzi togaya. Madokotala amati EPI. Amayeza magazi ndi njira yotchedwa TLI, ndipo galu amakhala bwino akamathiriridwa ufa wa timadzito m'chakudya chilichonse, ena n'kumabayidwanso vitamini B12.

Koma akayambiranso kusanza, kugwetsa chifuwa pansi kuja, kulira mukamugwira pamimba, kapena usinini ukauma n'kumamata chala, musadikire kuti kuche. Bwererani kwa dokotala wanu tsiku lomwelo, ndipo ngati sakupezeka, a LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira ziweto, ali ndi chipatala cha ziweto mu Lilongwe momwemo.