Chododometsa cha Stein: bwanji avareji imagonja zinthu zikafika zitatu?

Mlongo wina amene akuchita masters ya statistics kuno ku Blantyre wanditumizira imelo. Funso lake ndalifupikitsa motere: "M'kalasi atiuza kuti ukafuna kupeza ma mean atatu kapena kuposerapo nthawi imodzi, kutenga avareji ya chilichonse pachokha si njira yabwino koposa, ngakhale zinthuzo zisakhudzane n'komwe. Umboni wake ndautsata mzere ndi mzere ndipo sindikupezamo vuto, koma mtima ukukana. Mtengo wa chimanga ku Limbe ungathandize bwanji kudziwa kulemera kwa electron? Nanga bwanji zitatu, osati ziwiri?"

Achemwali, mtima wanuwo sukunama. Chimanga sichiuza electron kalikonse, ndipo theorem ya Stein sinanenepo kuti chimatero. Phindu lake limaonekera pa kuphonya konse kukaphatikizidwa pamodzi, osati pa chinthu chimodzi chimodzi.

Tiyeni tiyale bwino. Tili ndi manambala p, X₁ mpaka Xₚ. Nambala iliyonse ndi ya normal, mean yake ndi θᵢ, variance ndi 1, ndipo sadalirana. Kuphonya timakuyeza pophatikiza masikweya onse, Σ(dᵢ − θᵢ)², apa dᵢ ndi nambala imene mwaipereka ngati yankho la θᵢ. Kuphonya kophatikizaku ndiko loss, ndipo avareji ya kuphonyaku ndiyo risk. Mukangonena kuti θ ndi X yemweyo, risk yanu ndi p, kaya θ ali pati. Charles Stein wa ku Stanford anasonyeza mu 1956 kuti p ikafika 3 njira imeneyi si admissible, ndiye kuti ilipo ina yoiposa paliponse. Mu 1961, iye ndi Willard James anailemba poyera: chulukitsani X ndi 1 − (p − 2)/‖X‖². Apa ‖X‖ ndi kutalika kwa vector X, ndiye kuti manambala onse aja tikawaona ngati muvi umodzi. Basi. Mwakokera vector yonse pang'ono kulowera ku ziro, ndipo njira imeneyi ndiyo James–Stein.

Chifukwa chake chagona mu geometry ya Pythagoras. Avareji ya ‖X‖² ndi ‖θ‖² + p. Choncho vector imene mwayezayo imakhala yaitali kuposa yeniyeniyo, ndipo kutalikako kumakula ndi p. Taganizani za phokoso limene lili mu X. Mbali imodzi yokha ya phokosolo ndiyo ili mu mzere wa θ, ndipo imeneyo ikhoza kutalikitsa kapena kufupikitsa. Mbali zina zonse, p − 1, n'zopingasa, ndipo zopingasa zimangotalikitsa, kaya zapita kumanja kaya kumanzere. Mukafupikitsa X, mumalipira bias (kupendekera mbali imodzi) pang'ono mu mzere wa θ, koma mumachepetsa kuphonya m'mbali zonse zopingasazo nthawi imodzi. Mbalizo zikachuluka, malondawo amapindula. Onani kuti sitinafunse ngati θ₁ ndi θ₂ n'zapachibale. Zakumanirana mu loss imene tasankha tokha.

Tsono za nambala 3. Apa pepala ndi pensulo zimathandiza kuposa mawu. Lemma ya Stein imati estimator (njira yoyerekezera θ) ya mtundu wa X + g(X) ili ndi risk ya p + E[‖g‖² + 2 div g]. Apa E akutanthauza avareji, ndipo div ndi divergence. Ikani g(x) = −c·x/‖x‖². Sikweya yake ndi c²/‖x‖², ndipo divergence ya x/‖x‖² ndi (p − 2)/‖x‖². Zotsatira zake ndi p + (c² − 2c(p − 2))·E[1/‖X‖²]. Kuti mupindule, c ayenera kukhala pakati pa 0 ndi 2(p − 2), ndipo pabwino koposa ndi c = p − 2. Pa p = 2 mpata umenewo watsekeka. Pa p = 10, θ akakhala pa ziro penipeni, risk imatsika kuchoka pa 10 kufika pa 2, chifukwa E[1/χ²ₚ] ndi 1/(p − 2). Akakhala kutali, phindu limazilala mpaka kutsala ngati palibe, koma risk sidutsa p.

Umboni umenewu ndi woona koma sukhutitsa, chifukwa p − 2 amangotulukira ngati wagwa kumwamba. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti a physics amamudziwa kale. Function ya ‖x‖^(2−p) ndi yankho lenileni la equation ya Laplace. Pa p = 3 ndi 1/r, potential ya Newton ndi Coulomb. Tengani log yake, kenako gradient, mupeza −(p − 2)x/‖x‖², ndendende chimene James ndi Stein anawonjezera pa X. Pa p = 2 potential imasanduka log r, imene imakula mopanda malire, ndipo pa plane palibe function ya superharmonic yokhala positive kupatula ya constant. Popanda function yotero mulibe chokokera. Lawrence Brown anamanga mfundoyi bwinobwino mu 1971: admissibility ya estimator imayenderana ndi recurrence (kubwerera pafupi ndi poyambira) ya diffusion inayake, kutanthauza kuyenda mwachisawawa, ndipo ya X ndi Brownian motion. George Pólya anali atasonyeza kale mu 1921 kuti woyenda mwachisawawa pa mzere kapena pa gridi yafulati amabwerera kumene anayambira mosalephera, koma mu ma dimension atatu mwayi wobwerera ndi pafupifupi 0.34 basi. Malire a Stein ndi malire a Pólya ndi amodzi. Ngati muli ndi sabata yopuma, werengani mbali imeneyi, ngakhale pepala la Brown si lowerenga uli pa minibasi.

Mwina mwaona kale kuti ziro si malo opatulika. Mukhoza kukokera ku point iliyonse imene mwasankha musanaone data, ndipo theorem imagwirabe. Kungoti mukasankha kutali ndi choonadi, phindu limakhala lochepa kwambiri moti simungalione. N'chifukwa chake chitsanzo cha chimanga ndi electron n'choona pa pepala koma chopanda ntchito. Pa ntchito yeniyeni timakokera ku avareji ya onse, p − 2 n'kusanduka p − 3, ndipo zimafuna zinthu zinayi kapena kuposerapo. Komanso James–Stein mwiniwakeyo si admissible. ‖X‖² ikachepa kwambiri, chochulukitsira chija chimakhala negative n'kutembenuza vector, choncho kuchidula pa ziro, monga anasonyezera Baranchik mu 1964, kumaposa.

Pamene ndikufuna mukhale tcheru ndi apa, poti ambiri a inu mudzagwira ntchito ndi data ya zaumoyo. Bradley Efron ndi Carl Morris, mu 1975, anatenga osewera baseball 18, aliyense atayesa kumenya mpira maulendo 45 oyamba mu sizoni ya 1970. James–Stein inalosera zotsatira za sizoni yotsalayo bwino kwambiri kuposa ma avareji wamba, tikaphatikiza onse. Koma Roberto Clemente, amene anayamba ndi avareji ya 0.400 (anamenya bwino maulendo 18 mwa 45), inamukokera pansi kufika pafupifupi 0.29, pamene iye anasewera 0.346 pa sizoni yotsalayo. Analidi katswiri, ndipo njirayo inamupondereza kuti gulu lipindule. M'pepala lomwelo anaigwiritsanso ntchito pa matenda a toxoplasmosis m'mizinda 36 ya ku El Salvador, ndipo anayesa njira yoikira malire kuti wina asakokedwe mopitirira.

Tiyerekeze kuti mukufuna kudziwa kuchuluka kwa malungo pa zipatala zazing'ono za mu mzinda muno: Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni, Limbe, South Lunzu. Apa kukoka kuli ndi tanthauzo, chifukwa malowa ali pansi pa mvula imodzi. Efron ndi Morris anasonyeza kuti James–Stein ndi empirical Bayes: mumaganiza kuti ma θ achokera mu distribution imodzi, n'kupeza variance yake kuchokera mu data momwemo. Model ya Fay ndi Herriot ya 1979 ndiponso random effects zimene mumalemba mu lme4 (package ya pulogalamu ya R) zimachita zomwezo, ndipo chipatala chimene chayeza anthu ochepa chimakokedwa kwambiri kuposa chimene chayeza ambiri. Ngati funso ndi la kugawa mankhwala mu mzinda wonse, kokani, loss yanu ndi yophatikizadi. Koma ngati ntchito yanu ndi kuzindikira dera limene matenda abuka, loss yanu si Σ ayi. Dera lobukalo ndilo Clemente wanu, ndipo shrinkage, kukoka kuja, idzalibweza pakati pa anzake pa nthawi imene mumafuna kuti lionekere.

Ndiye mu thesis yanu, musanalembe estimator, lembani kaye ndime imodzi yonena kuti loss ndi ya ndani, ya ofesi yoyang'anira zipatala zonse kapena ya chipatala chimodzi. Kenako chitani simulation yaifupi mu R: p = 10, ma θ 9 akhale pa ziro, mmodzi pa 4, ndipo muonetse risk ya coordinate iliyonse payokha pambali pa risk yophatikiza. Yophatikiza idzakhala pansi pa 10, koma ya coordinate yapatali ija idzadutsa 1.